Kalaliki wa m'Ubongo ndi Pfumbi la ku Mgodi

Mverani inu a ku Kabwe: a ku Chililalila, Kasanda, Chowa, Makululu ndi makomboni ena onse. Nkhani yathu ya lero iri ya kanthu kosaoneka ndi maso kamene kamagwira nchito m'mutu mwa mwana pamene alikuphunzira, ndiponso ya mdani wace amene amagona m'pfumbi la pabwalo.

Tiyambe ndi thupi. Monga nyumba imamangidwa ndi njerwa, comweco thupi la munthu limamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono tochedwa maselo. M'kati mwa selo muli malo onga ofesi, mmene musungidwa buku lalikuru la malangizo lochedwa DNA. Bukuli silituruka m'ofesimo. Selo likafuna kupanga cinthu catsopano, payenera kukhala kalaliki wotsegula tsamba loyenera, kuti mau ace alembedwe pa kapepala ndi kutumizidwa kwa amisiri. Akalaliki otere anthu a sayansi amawacha transcription factor. Alipo ambiri, koma lero tinena za mmodzi yekha, dzina lace CREB, amene Marc Montminy ndi Louise Bilezikjian anamzindikira m'caka ca 1987.

Inu amene mwagwirapo nchito pa mgodi mudziwa kuti pepala lopanda cidindo liribe mphamvu. Mungapite nalo kusitolo, mudzabwerako cimanjamanja. CREB ali cimodzimodzi. Amakhala pafupi ndi bukulo, koma sayamba nchito kufikira atalandira cidindo. Cidindoco ndico kanthu kochedwa fosifeti. CREB ndi puloteni, ndipo puloteni iri yonse ikunga cingwe ca mikanda. M'caka ca 1989 kunadziwika kuti fosifeti imamatidwa pa mkanda wa nambala 133. Ikamatidwa pamenepo nchito iyamba, ikacotsedwa nchito ileka. Njira imeneyi yoyatsira ndi kuzimitsira mapuloteni anaitulukira Edmond Fischer ndi Edwin Krebs ku Seattle m'caka ca 1955, ndipo analandira nayo mphotho ya Nobel mu 1992.

Nanga alamula cidindoco ndani? M'ubongo maselo amakhudzana ndi timinyanga tao, natumizirana mauthenga. Pamene akomanapo pali tizipata tochedwa NMDA. Mwana akamva mau amodzimodzi kawirikawiri, monga pamene mphunzitsi abwereza samu, tizipatato timatseguka ndipo kashiamu amalowa m'selo. Kashiamu amadzutsa amithenga ochedwa kinase, ndipo iwowa ndiwo amanyamula lamulo kunka nalo ku ofesi ndi kumata fosifeti pa CREB. Pamenepo masamba amatsegulidwa, mapuloteni atsopano amapangidwa, ndipo mfundo ya pakati pa maselo awiriwo imalimba. Cimene mwana anamva m'mawa cimakhazikika, kotero kuti adzacikumbukira mawa ndi caka camawa.

Zimenezi zinayesedwa. Eric Kandel, pofufuza nkhono ya m'nyanja yamcere yochedwa Aplysia, anaonetsa kuti cikumbukiro cokhalitsa cifuna CREB, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2000. M'caka ca 1994 ena anayesa mbewa zimene CREB wao anali wopunduka. Mbewazo zinkaphunzira ndithu, nkukumbukira kwa kanthawi, koma pofika tsiku lotsatira zinali zitaiwala.

Tsopano tibwere kwathu. Miyala ya mtobvu ndi zinki inapezeka pano m'caka ca 1902, pa malo amene anachedwa Broken Hill, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994. Mgodi unatseka, koma mtobvu sunacoke, pakuti mtobvu suola. Utsi wa ng'anjo unausiya m'dothi la makomboni, ndipo mphepo ya m'cilimwe imaunyamulabe kucokera ku mulu wa zotsalira uja uchedwa Black Mountain. Mwana wokwawa amagwira pansi, naika zala m'kamwa. A World Health Organization anena kuti thupi la mwana limayamwa mtobvu umene wameza kanai kapena kasanu koposa la munthu wamkuru, ndi kuti palibe muyeso wa mtobvu m'mwazi umene uli wosabvulaza.

Mtobvu ngwacinyengo cifukwa thupi limauyesa kashiamu. Umalowa m'mafupa, m'mano ndi m'ubongo. M'ubongomo umatsekereza tizipata ta NMDA, kotero kuti uthenga umafika wofooka ku ofesi. M'caka ca 2002 Tomás Guilarte ndi anzace a ku Johns Hopkins University anaonetsa kuti makhoswe amene analandira mtobvu ali ang'ono anali ndi CREB wocepa wokhala ndi cidindo m'ubongo mwao. Kalaliki alipo, buku lilipo, koma lamulo silifika bwino. Iyi ndi njira imodzi mwa zingapo zimene mtobvu umaonongera. Umasokonezanso kapangidwe ka mwazi, umabvulaza impsyo, ndipo ukacuruka kwambiri mwana amakomoka, ngakhale kufa kumene.

Kukula kwa bvutoli pano kwayesedwa. John Yabe ndi anzace a University of Zambia ndi Hokkaido University ya ku Japan anapima mwazi wa ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, nafalitsa zimene anapeza mu 2015. Madotolo amawerenga mtobvu m'maikulogalamu pa desilita ya mwazi. Ana onsewo anapitirira 5, ndipo mmodzi anapitirira 400. Dziwani kuti pa 45 madotolo amayamba kulingalira zopatsa mwana mankhwala ocotsa mtobvu.

Mankhwalawo alipo, ndipo amapulumutsa moyo. Koma pamene anayesedwa ku America pa ana a muyeso wa pakati pa 20 ndi 44, zotsatira zace za mu 2001 zinaonetsa kuti mtobvu unatsika m'mwazi koma nzeru za anawo sizinakwere. Ndiponso mwana wocira akabwerera ku bwalo lomwe lija, mtobvu umabwereranso. Cifukwa cace nchito yaikuru iri ya kuchinjiriza.

Makolo, mverani izi. Sambitsani ana m'manja ndi sopo asanadye. Musasese pouma: wazani madzi poyamba, ndipo m'nyumba kolopani ndi nsanza yonyowa. Bzalani kapinga pabwalo kuti dothi lisauluke, ndipo khanda likhale pa mphasa yoyera. Inu abambo ndi anyamata amene mufuna zitsulo ku mulu kuja, bvulani zobvala ndi nsapato za nchito musanalowe m'nyumba, zicapidwe pazokha, ndipo musatenge ana kumeneko. Amai apakati asadye dothi, pakuti mtobvu umapita kwa mwana ali m'mimba. Mwana asakhale ndi njala, popeza m'mimba mopanda kanthu mtobvu umalowa msanga m'mwazi. Kapenta wodyedwa ndi minga yace, mkaka, nyemba, mazira ndi ndiwo zamasamba zotsukidwa bwino zimapatsa thupi kashiamu ndi ayironi, ndipo thupi losasowa zimenezi siliyamwa mtobvu wambiri. Pitani ndi ana ku cipatala mukapemphe kuti awapime mwazi, cifukwa mwana angakhale ndi mtobvu wambiri koma osaoneka wodwala. Kucotsa dothi loipa ndi kukwirira mulu uja ndi nchito yoposa mphamvu ya banja limodzi. Imeneyo iri ya boma ndi eni migodi, ndipo nkoyenera kuti muziwakumbutsa pa misonkhano yanu.

Pali mau ena olimbitsa mtima. M'caka ca 2003 Guilarte yemweyo anaonetsa kuti makhoswe a mtobvu amene analeredwa pamodzi ndi anzao, m'malo okhala ndi zoseweretsa zambiri, anaphunzira bwino koposa amene analeredwa okhaokha. Khoswe si munthu ai, koma phunziro lace likumveka: ubongo wocezeredwa umalimba. Cotero inu aphunzitsi ndi makolo, mwana woiwalaiwala musafulumire kumucha waulesi kapena kumtengera cikoti. Mbwerezereni phunzirolo mofatsa, muyimbe naye, mumuuze nthano madzulo, ndipo mumtengere kokapimitsa.