Pamene Django akana maina ofanana

Mwa zipangizo zimene amisiri a mapulogalamu amamangira mawebusaiti, chilipo chotchedwa Django, chimene chinabadwira ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas mu 2003, m'manja mwa Adrian Holovaty ndi Simon Willison, nichiperekedwa kwaulere kwa anthu onse mu 2005. Ina mwa ntchito zake ndiyo kusunga zinthu mu database, mtundu uliwonse m'kaundula wakewake wotchedwa model, ndi kulunzanitsa makaundulawo.

Tiyerekeze kuti mmisiri walemba model ya Munthu ndi ina ya Kalata, ndipo poti kalata iliyonse ili ndi woitumiza ndi woilandira, waika zolumikizira ziwiri zotchedwa ForeignKey, zonse zoloza kwa Munthu. Tsono Django, monga mwa chizolowezi chake, pa ForeignKey iliyonse amalambula yekha njira yobwerera, kuti ukaima pa munthu uthe kuona makalata ake, naitcha njirayo kalata_set. Apa njira zakhala ziwiri koma dzina limodzi, ngati ana awiri a m'nyumba imodzi amene mayi akaitana mmodzi amavomera onse. Django salota kuti mmisiri amafuna iti. Amaima, natulutsa uthenga wa fields.E304 wonena kuti maina awombana, ndipo ine ndimamuyamikira pa kukana kumeneku, pakuti kalata yolandira ikadawerengedwa ngati yotumiza, palibe akadadziwa msanga.

Mankhwala ake ndi related_name, pamene mmisiri amatcha yekha njira iliyonse monga mwa ntchito yake, ina "zotumiza", ina "zolandira". Ndipo njira imene sadzayendamo konse aitseke ndi chizindikiro cha "+".

Komatu kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa uthenga womwewu umabweranso pa nthenda ina. Munthu akalemba model yakeyake ya ogwiritsa ntchito kuchokera ku AbstractUser, naiwala kuitchula pa AUTH_USER_MODEL mu settings.py, model yakale ya Django, yotchedwa auth.User, ndi yatsopanoyo zimakanganirana groups ndi user_permissions. Ambiri amathamangira related_name, uthenga nuzimiririka, koma Django n'kumalowetsabe anthu ndi kaundula wakale uja. Choncho inu amene mukuphunzira lusoli, musanasinthe dzina lililonse, werengani uthengawo mpaka kumapeto, muone ma model awiri amene watchula, ndipo ngati imodzi ndi auth.User, yambani mwatsegula settings.py.