Maphunziro Oyamba a Zamagetsi ku Sekondale ndi Malire Ake

Unduna wa Zamaphunziro ukufotokozera makolo, olera ana ndi aphunzitsi za maphunziro oyamba a zamagetsi amene ophunzira a ku sekondale amakumana nawo m'phunziro la Fizikisi, komanso malire a zimene wophunzira angachite akafika kunyumba.

Maphunzirowa amayambira pa zinthu zing'onozing'ono: batire ya tochi, mawaya, swichi ndi kababu. Wophunzira amadzionera yekha kuti babu limayaka pokhapokha njira ya magetsi ikakhala yosaduka, kuchokera ku batire mpaka kubwererakonso. Akalumikiza mababu mondondozana pa njira imodzi, limodzi likapsa onse amazima. Akapatsa babu lililonse njira yakeyake, ena aja amayakabe. Umu ndi mmene mawaya a m'nyumba amalumikizidwira, n'chifukwa chake babu la kukhitchini likapsa, la pabalaza silizima. M'makalasi apamwamba amaphunziranso za diode, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kamene kamapezeka m'machaja a foni.

Zoyeserera zonsezi zimachitika ndi magetsi ochepa mphamvu, ndipo zimenezi n'zochita kukonza dala. Batire imodzi ya tochi ili ndi 1.5 V, pamene magetsi a ESCOM amalowa m'nyumba ali ndi 230 V. Lamulo la Ohm, limene ophunzirawo amaliwerengetsera m'kalasi, limasonyeza kuti mphamvu yokankha magetsi ikakwera, magetsi odutsa m'chinthu amachulukanso. Thupi la munthu nalo limadutsa magetsi, makamaka likanyowa ndi madzi kapena thukuta, kapena munthuyo akaponda pansi wopanda nsapato. Cholakwa chimene m'kalasi chimangotha batire, kunyumba chingathe kuimitsa mtima.

Wophunzira amadziwa ndithu zinthu zothandiza banja. Angazindikire kuti mu pulagi waya wa bulawuni ndiye wobweretsa magetsi, wa buluu ndi wobwerera, ndipo wobiriwira wosakaniza ndi chikasu ndi wopita pansi, woteteza munthu chipangizo chikawonongeka. Angafotokozenso kuti fyuzi imapangidwa kuti iziduka magetsi akachuluka, kotero kuikapo waya wamba m'malo mwake n'kuitana moto.

Koma kudziwa zimenezi sikumusandutsa mmisiri. Ntchito yoika mawaya m'nyumba ndi ya anthu amene ali ndi chiphaso chochokera ku bungwe la MERA. Makolo asatume mwana kutsegula bokosi la maswichi akuluakulu, kukokera magetsi kunyumba yoyandikana nayo kapena kugwiragwira mita, ngakhale mwanayo atakhoza bwino Fizikisi. Kulumikiza magetsi mwachinyengo ndi mlandu.

Mabanja ogwiritsa ntchito sola asamalenso, poti ambiri amaganiza kuti sola siopsa. Batire ya 12 V siigwira munthu kawirikawiri, koma chitsulo chikakhudza mitu yake iwiri nthawi imodzi chimatentha kwambiri moti chingawotche dzanja kapena kuyatsa moto. Ndipo magetsi otuluka mu inveta ndi a 230 V, ofanana ndi a ESCOM.

Ophunzira amene akufuna kupitiriza ndi lusoli akamaliza Fomu 4 angafunsire malo m'makoleji ophunzitsa ntchito zamanja monga Lilongwe, Soche ndi Mzuzu. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndilo limayang'anira maphunziro a mtunduwu, ndipo limalengeza poyera nthawi yolembera ikakwana.