Weekend ku Chama: tengani ana ku Luangwa, koma asalowe m'madzi

Ku Chama kulibe Manda Hill, zoona. Koma musanene ati weekend kuno ni kugona chabe na kuonera mpira.

Mvula ikasiya, misewu ikauma, gwirizanani mabanja awiri kapena atatu, musonkhe ndalama ya motoka imodzi mupite ku mlatho wa Luangwa pa msewu wa Matumbo. Phikani mpunga wa Chama uja wonunkhira, umene a ku Lusaka amagula modula, muikeko nkhuku na munkoyo. Nyamukani m'mamawa, kaili dzuwa la m'chigwa mu Okutobala silichita nthabwala.

Manje mvetsetsani. Madzi akachepa, mvuu zimaunjikana m'maiwe, ndipo ana amasangalala kuziona zikupuma. Aonerere ali pamtunda, pafupi na imwe. Asasambe, asatsuke mbale m'mphepete, ngakhale madzi afike m'mawondo chabe. Ng'ona ya mu Luangwa simaoneka ikamabwera. Selfie ya pa Facebook jambulani muli kutali.

Bwererani kusanade. Dera la Musalangu lilibe mpanda, njovu zimadutsa msewu madzulo, ndipo yokhala na mwana simvera hutala.

Nthawi ya dzinja iwalani za ulendowu, Kamphemba yekha akadzaza amavutitsa pa boma pomwe.

Ngati thumba lili lopepuka, funsani tsiku la Kwenje, mwambo wa Asenga kwa Mfumu Yaikulu Kambombo. Ng'oma na magule ni zaulele, ndipo ana amvako Chisenga cha agogo awo.