Paipi ya Thanki Ikadyedwa ndi Dzimbiri: Chigamba Kapena Kugula Ina?

Paipi imene imatenga petulo kuchokera pachivindikiro kukafika m'thanki, eni galimoto ambiri sanaionepo. Imadutsa kuseri kwa tayala lakumbuyo, pamene matope amaunjikana n'kukhala osauma masiku ambiri. Galimoto zambiri za m'misewu yathu zinabwera zitayendapo kale ku Japan, zina ku Britain, ndipo zimene zinkayenda kumadera ozizira monga Hokkaido zinamwa mchere umene amawaza mumsewu kuti chipale chisungunuke. Dzimbiri limakhala litayamba galimoto isanaoloke n'komwe pa Songwe, matope a dzinja lathu amangodzamalizitsa. Tsiku lina mukumwetsa mafuta, mnyamata wa papampu n'kukuuzani kuti, "Bwana, akudonthatu pansi apa."

Makaniko akaunika, amakupatsani njira ziwiri: kuika chigamba kapena kuchotsa paipi yonse n'kuika ina.

Chigamba chimakopa chifukwa ndi chotchipa ndipo galimoto imatuluka tsiku lomwelo. Koma zigamba zimasiyana. Kumanga malegeni n'kutaya nthawi, popeza labala wa chubu akakhudzana ndi petulo amafufuma n'kufewa. Zomatira zolimba ngati Pratley zimagwira pa kabowo kamodzi, bola chitsulocho achipale mpaka chiwale, chikhale chouma komanso chopanda mafuta. Vuto ndi loti dzimbiri silidya malo amodzi. Mukamata apa, pambali pake pamakhala patapyapyala kale, ndipo mabampu akagwedeza paipi, chomatiracho chimakanuka. Komanso petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanolyo. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amafewetsa zomatira zina ndi labala wosayenera. Ine chomatira ndimachiona ngati njira yofikira kunyumba basi.

Chigamba chimene ndimachilemekeza ndi chochita kudula paipi. Makaniko amachotsa paipi pagalimoto, kudula gawo lowola ndi sowo yamanja, n'kulumikiza mbali ziwiri zotsalazo ndi hozi yopangidwira mafuta, makilampu awiri uku ndi awiri uko. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Hozi ya rediyeta imaoneka chimodzimodzi ndipo imapezeka paliponse, koma labala wake anapangidwira madzi otentha. Petulo amaitupitsa mpaka imayamba kunyenyeka, tizidutswa take n'kumagwera m'thanki. Hozi yoyenera imalembedwa pambali kuti ndi ya mafuta, kawirikawiri pamakhala chizindikiro cha SAE J30. Chinanso chimene chimaiwalika ndi kawaya. Petulo akamathamanga m'paipi amabala magetsi pang'ono, ndipo paipi yachitsulo imawataya kudzera m'bodi ya galimoto. Ngati kudulako kwasiya mbali yam'mwamba itapachikika pa labala yekha, pamafunika kawaya kolumikiza zitsulo ziwirizo kuti pasathetheke moto pomwetsa.

Za kuwotcherera paipi ili pagalimoto tisakambe n'komwe. Chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo, ndipo thanki yotsala pang'ono kuuma ndi imene imakhala yodzaza nawo.

Kugula ina kumathetsa zambiri pakamodzi. Paipiyo imabwera ndi mapindikidwe ake enieni, pomangira mabawuti pake, ndi kapaipi kakang'ono kam'mbali kotulutsa mpweya thanki ikamadzaza. Kapaipi kameneka nako kamachita dzimbiri, ndipo kakatsekeka pampu ya pamalo omwetsera imangodukiza, mafuta n'kumabwerera kukamwa. Woika chigamba sakonda kukayang'ana. Kuipa kwa kugula ina ndi mtengo ndi kudikira. Yatsopano ya galimoto ya zaka 20 siipezeka wamba m'mashopu, mwina mpaka kuitanitsa kunja, pogwiritsa ntchito nambala ya chesisi kuti isabwere ya mtundu wina. Nthawi zina pamafunikanso kutsitsako thanki, ndiye makaniko amakweza mtengo.

N'chifukwa chake ambiri amathamangira ku Ndirande kapena ku Biwi kukasaka ya pagalimoto yophwasulidwa. Apa ndiye mpikisano wa chigamba ndi kugula ina umakhala wofanana mphamvu. Paipi ya kaunjika ndi yamsinkhu umodzi ndi yanu, mwina inamwanso mchere womwewo. Wogulitsa akhoza kuipaka penti wakuda kuti ioneke bwino, choncho muigogode ndi sikuludiraiva, makamaka popindika ndi pamene panali chomangira, muone ngati sikubonyoka. Hozi yabwino yoikidwa pa chitsulo cholimba imaposa paipi yogula yomwe yatsala chaka chimodzi kuti ibooke.

Chogamula nkhani ndi chitsulo chimene chatsala. Makaniko apale paipi yonse ndi bulashi yawaya inu mukuona. Ngati powola ndi pamodzi, pamalo owongoka, ndipo mbali zonse ziwiri zikulira ngati chitsulo akagogoda, hozi ikwanira. Ngati dzimbiri lafika kukamwa kumene chivindikiro chimatseka, kapena popindika, kapena likugwa makwamba paipi yonse, kilampu ilibe pogwira ndipo ndalama ya chigamba ndi yongotaya. Njira iliyonse imene mwasankha, musinthenso sefa ya mafuta, chifukwa bowo limene limatulutsa petulo ndi lomwelo limene lakhala likulowetsa madzi ndi fumbi m'thanki.