Makwinya a Zovala pa Ulendo wa Nchito: Zimene Nthunzi Ingathe ndi Zimene Singathe

Wogwira nchito amene akwera basi pa Intercity mu Lusaka kupita ku msonkhano ku Chipata amayenda mtunda wopitirira makilomita 550 pa mseu wa Great East. Malaya amene anawacisa bwino kunyumba amakhala tsiku lonse m'cikwama, pansi pa katundu wa anthu ena, ndipo pofika madzulo amakhala atakwinyika kotheratu. Pa nyumba zina za alendo nsimbi imakhala imodzi yokha ya zipinda zonse. Kwina iliko ndithu, koma malaiti palibe, monga mmene anthu ambiri anaonera m'caka ca 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi pa Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse. Komabe aphunzitsi, anamwino, akalaliki a boma ndi a malonda amayembekezeredwa kuonekera pa msonkhano m'mawa mwake ali aukhondo.

Njira zothetsera vutoli zilipo zingapo, ndipo zonse zimacokera pa cinthu cimodzi: mmene makwinya amabwerera pa nsalu.

Ulusi wa thonje unapangidwa ndi timizere tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, tomwe timagwirana tina ndi tinzake. Madzi akalowa pakati pa timizereto, kugwirana kuja kumamasuka. Thukuta, cinyontho ca mumpweya ngakhale kufunda kwa m'basi ndi zokwanira kucita zimenezi. Nsalu ikapindika pa nthawi yoteroyo ndi kuuma ili yopindika, timizere tija timagwirananso pa malo atsopano, ndipo cimene cimatsala ndi khwinya. Nsimbi imangobwereza zomwezo mwadala: imamasula ulusi ndi kutentha ndi cinyontho, imauwongola ndi kulemera kwake, kenaka nsalu imauma ili yowongoka. Gawo lomalizirali ndilo anthu ambiri amalinyalanyaza. Covala cimene cavalidwa cikali cofunda kapena conyowa pang'ono cimakwinyikanso munthu asanafike n'komwe pakhomo la ofesi.

Nsalu sizifanana. Ya thonje leni-leni ndi ya linen zimakwinyika msanga ndipo zimafuna madzi ndi kutentha kwambiri. Ubweya wa nkhosa, umene amasokera masuti ambiri, umabwerera wokha m'malo mwake ukapacikidwa pa malo a cinyontho. Polyester samwa madzi kweni-kweni, motero sakwinyika wamba, koma amasungunuka ndi nsimbi yotentha kwambiri. Malaya a thonje olembedwa kuti safuna kucisa anacokera ku kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1950 ku New Orleans m'dziko la America, kumene Ruth Benerito ndi anzake anakonza njira yomangira timizere ta thonje ndi mankhwala kuti madzi asatimasule. Munthu woyenda-yenda kawiri-kawiri amadzicepetsera mabvuto akakhala ndi malaya awiri otere, kapena osakaniza thonje ndi polyester.

Nchito yaikulu imacitikira kunyumba, polongedza. Covala ciyenera kulowa m'cikwama citauma ndi kuzizira bwino pambuyo pocicisa. Zopepuka monga masikipa, masiketi ofewa ndi zitenje zimasungika bwino zikakulungidwa monga mphasa kusiyana ndi kuzipinda, pakuti kukulunga sikusiya mzere wakuthwa. Malaya a kolala amangidwe mabatani, apindidwe kocepa, ndipo akhale pamwamba peni-peni, nsapato ndi mabuku zili pansi. Jekete limatembenuzidwa kuti mkati mukhale kunja, phewa limodzi kulilowetsa m'linzake. Kuika pulasitiki yopyapyala pakati pa zovala kumathandizanso, cifukwa nsalu zimatsetsereka m'malo mogwirana ndi kufinyana. Ndipo wapaulendo akangofika, asanapite kukafuna cakudya, ayenera kutulutsa zovala za mawa ndi kuzipacika. Usiku umodzi pa hang'ala umacotsa makwinya ambiri a suti popanda kucitapo kanthu kena.

Njira yochuka kwambiri ndi yopacika covala m'bafa pamene munthu akusamba madzi otentha, citseko cili cotseka, kuti nthunzi ifewetse ulusi. Imagwira bwino pa suti ya ubweya ndi pa nsalu zopepuka. Pa malaya a thonje okwinyika kwambiri, zoona zake n'zakuti imathandiza pang'ono cabe, ndipo kutsegula mpopi kwa theka la ola cifukwa ca malaya amodzi ndi kuononga madzi. Coposa pamenepo ndi kuwaza madzi ocepa pa makwinya, kukoka nsalu pang'ono-pang'ono ndi manja motsata msoko, ndi kuipacika pamalo popita mphepo. Kabotolo kowazira madzi n'kopepuka kunyamula. Okwera ndeke akanyamule kopanda kanthu, pakuti kuyambira m'caka ca 2006 mabwalo ambiri a ndeke salola zamadzi-madzi zopitirira mamililita 100 m'botolo limodzi m'cikwama ca m'manja.

Kumene kuli magetsi, makina oumitsira tsitsi amafulumizitsa nchitoyi: nsalu yowazidwa madzi imaombedwa mpweya wotentha capatali pang'ono kwinaku ikukokedwa. Nthunzi ya ketulo imawongola kolala ndi manja a malaya, koma imaocha koopsa, motero zala ziyenera kukhala kutali ndi mlomo wa ketulo. Kumene kulibe magetsi, poto wosalala kunsi, wotsukidwa bwino ndi kuthiramo madzi owira, amagwira nchito ya nsimbi pa tebulo loyalidwa thaulo. Poto wocoka pa mbaula asagunde nsalu, cifukwa mwaye wake sucoka msanga. Nsimbi ya malasha, imene ikali kupezeka m'maboma ndi m'midzi yambiri, imacisa bwino koposa zonsezi, malinga malasha ayake mokwanira ndipo phulusa lipemereredwe kutali ndi covala. Kambaliwali kamodzi kokha kamaboola malaya a polyester.

Nsimbi ya pa nyumba ya alendo iyenera kuyamba yayesedwa pa thaulo kapena mkati mwa mpendero, cifukwa zambiri zimakhala ndi zotsalira za nsalu zopserera za alendo ena. Kacikwangwani kosokerera mkati mwa covala kamaonetsa cithunzi ca nsimbi ndi timadontho. Kadontho kamodzi kamatanthauza kutentha kocepa, pafupi-fupi madigiri 110, koyenera nsalu zosungunuka msanga. Tiwiri ndi pafupi-fupi 150, koyenera ubweya, ndipo titatu ndi pafupi-fupi 200, kwa thonje ndi linen. Suti yakuda imanyezimira moipa ikacisidwa popanda kuyala kansalu konyowa pamwamba pake, ndipo citenje cimasunga maluwa ake cikacisidwa cakumbuyo. Onyamula nsimbi yawo kupita kunja akumbukire kuti magetsi a m'Zambia ndi a mavoti 230 pamene a ku America ndi a 120, ndiponso kuti mapulagi ambiri a ku South Africa ndi a mano atatu obulungira, osiyana ndi a kuno.

Pali cinthu cimodzi cimene nthunzi ya m'bafa, kabotolo ka madzi ndi hang'ala sizingathe kucita, ndipo n'cacikulu kuposa makwinya. Nchenche yocedwa putsi, imene m'maiko ena amaicha tumbu, imapezeka m'Zambia ndi m'madera ambiri a Africa, makamaka m'dzinja. Yaikazi imaikira mazira pa dothi la pamthunzi lodetsedwa ndi mkodzo kapena cimbudzi, ndiponso pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi, pa udzu kapena pamthunzi. Mazirawo amaswa pasanathe masiku atatu. Munthu akavala covalaco, kamphutsi kamaboola khungu osamva kanthu, ndipo kamakula mkatimo kwa masiku 8 mpaka 12. Pamalopo pamatupa ngati cithupsa, pamayabwa ndi kupweteka, ndipo pakati pake pamakhala kabowo kamene mphutsi imapumira.

Wapaulendo wa masiku angapo ndiye amagwa msanga m'vutoli. Amanyamula zovala zocepa, amacapa madzulo, amayanika kuseri kwa nyumba ya alendo pa malo amene sawadziwa, ndipo m'mawa amangowongola ndi manja n'kuvala. Covala cimaoneka bwino, koma mazira ali momwemo. Kutentha kwa nsimbi ndiko kumapha mazira ndi timphutsi, ndipo n'cifukwa cake makolo ambiri amacisa ciliconse cimene cayanikidwa panja, ngakhale zovala zamkati, masokosi, mathaulo ndi matewera a ana. Nsimbi iyenera kupita mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko, m'kolala ndi m'ciuno mwa buluku, momwe nsalu ndi yokhuthala. Ngati nsimbi palibiretu, ndi bwino kuyanika zovala m'cipinda ca mawindo otseka kapena a sefa, kapena pa cingwe ca pamwamba pa dzuwa loswa mtengo, osati pa udzu kapena pa mpanda wa maluwa.

Amene waona cotupa cotere pambuyo pa ulendo asacifinye mwamphamvu kapena kucicheka ndi lumo, pakuti mphutsi ikaphulikira mkati bala limatukusira. Kupaka mafuta a Vaseline pa kabowo kumaitsekera mpweya, ndipo imayamba kutuluka yokha kotero kuti ingathe kucotsedwa yathunthu. Zotupa zikakhala zambiri, zikakhala pafupi ndi diso kapena pa mwana wamng'ono, kapena zikayamba kutulutsa mafinya ndi kutenthetsa thupi, wodwalayo apite ku cipatala ca pafupi.