Tochi ya pamutu yotumiza kumudzi

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg tinadziwa bwino matochi mu 2023, pomwe Eskom inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse. Pano abale akumudzi amapempha kuti tiwatumizire tochi ya LED yovala pamutu, yosakira mbewa kapena kugwirira ngumbi.

Ine ndimayamba kuona batire. Sankhani tochi ya batire la 18650, lomwe likatopa mumachotsa n'kuika lina, komanso yotchajira pa USB, poti kumudzi ambiri amadalira kasola kakang'ono. Tochi yomwe batire lake anamatiratu m'kati, batirelo likafa yonse imapita kudzala.

Kuwala amakuyeza ndi ma lumen. M'mashopu a ku Fordsburg ndi Crown Mines mupeza mabokosi olembedwa manambala akuluakulu, koma musatengeke nawo. Wofukula una wa mbewa amayang'ana pafupi, manja onse ali pa khasu. Ma lumen 200 kapena 300 amukwanira, bola kuwalako kukhale kotambasuka. Yolasa patali kwambiri imangomuthobwa m'maso n'kumadya batire. Ndipo sindingagulire munthu tochi yokathobwera nyama kumalo osungirako nyama zakutchire ku Liwonde kapena ku Kasungu. Uko n'kuphwanya lamulo, ndende yake ndi yowawa.

Ngumbi zimatuluka mvula ikagwa, choncho funani chizindikiro cha IPX4, chosonyeza kuti madontho saiwononga. Musanalipire, iyatseni m'shopu momwemo, muivale, muwerame ngati mukukumba, muone ngati lamba wake akugwira.