Musataye mtsuko wa agogo musanamve mbiri yake

Mabanja ambiri achinyamata akangomanga nyumba yamalata, choyamba kutuluka ndi katundu wa agogo. Mtsuko wakuda, mikanda, kakhasu kosula pamanja, zonse ulendo wa kudzala. Ena amafika pozitentha, ati n'zaufiti. Chonsecho mukapita kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, mukapeza zinthu zonga zomwezi zili m'magalasi, ana asukulu atandanda kuti azione.

Vuto ndi loti chinthu cha m'galasi sichiyankhula. Kapepala kamangotchula dzina ndi dera. Koma woumba anali yani, ankasungiramo chiyani, anathawa nacho nkhondo iti, zimenezo zili m'mitu ya nkhalamba zathu, ndipo nkhalambazo zikutha.

Titenge kwathu kuno kunyanja ya Chilwa. Mabuku amati David Livingstone anafika panyanjayi mu April 1859, koma anapeza anthu akuwedza ndi kuphika mchere kale. Mukaima padoko la Kachulu, patsogolo panu pali chilumba cha Chisi, komwe akuluakulu amati anthu ankathawirako m'masiku ogwirana ukapolo. Chakumpoto kuli mapiri a Chikala, komwe kunali linga la Mfumu Kawinga mpaka asilikali a Angerezi analigonjetsa mu 1895. Mwina agogo a agogo anu anali m'gulu lothawa, mwina m'gulu lothamangitsa. Kodi mwana wanu akudziwa?

Mapiri sanali pobisala pokha. Mvula ikavuta, akuluakulu ankapita patsinde pa mtengo wa msolo kapena mpoza, pomwe panali kachisi, n'kukathira nsembe ya ufa ndi mowa. Pamalo otere munthu sankayerekeza kudula mtengo. Lero ambiri timapemphera kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo sindikuti mukathire nsembe ayi. Koma dziwani kuti mwambowu unkasunga nkhalango ndi akasupe. Malo ataiwalika, nkhwangwa inalowa, mitengo inathera makala ndi kuwambira matemba.

Nyanja nayo ili ndi mbiri. Inauma mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 inaphweranso kwambiri mabwato n'kutsala pamatope. Amene anaona chilala choyambacho akudziwa komwe ankakumba madzi ndi chomwe ana ankadya. Paja mawu a akulu akoma akagonera.

Tsono inu bambo ndi mayi aang'ono, chitani izi. Mukapita kumudzi musamangosiya shuga ndi sopo n'kuthamangira basi. Khalani pamkeka, ana ali pomwepo, mufunse: tinachokera kuti? Mfunda wathu ndi wotani? Phiri ilo ankachitako chiyani? Lembani m'kope kapena jambulani mawuwo pafoni. Funsani kuchikazi ndi kuchimuna komwe, chifukwa mwana ndi wa mbali zonse.

Mukafukula mapale akale, mikanda kapena zitsulo polima, musakumbe mopitirira ndipo musagulitse kwa odutsa. Uzani a mfumu kuti adziwitse a boma oona za zinthu zakale, poti lamulo limateteza zinthu zotere.

Mtsuko ukasweka mutha kuumba wina, koma agogo akapita ndi mbiri yawo, palibe msika womwe mungakaigule. Pitani akadali ndi mpweya.